Kuyenda ndi Galu Ulendo wa Tsiku Limodzi: Phunziro kwa Alangizi a Ziweto

Pa ziweto zonse zimene mlimi wa kumudzi amasunga, galu ndiye satchulidwa kawirikawiri pa misonkhano ya alangizi. Ng'ombe ili ndi dibi lake, nkhuku ili ndi katemera wake wa chitopa, mbuzi ili ndi khola lam'mwamba limene limaphunzitsidwa chaka ndi chaka. Koma galu, amene amalondera zonsezi usiku, amaonedwa ngati chinthu chodzisamala chokha. Chikhalirecho galu ndiye chiweto chimene chimayenda maulendo ochuluka kuposa zinzake. Amaperekeza abusa ku dambo, amatsata mbuye wake ku munda wakutali kukaingitsa anyani ndi nguluwe, amapita ku msika pambuyo pa ngolo, ndipo kamodzi pa chaka ayenera kukafika ku malo a katemera wa chiwewe.

Ulendo wa ku katemerawu ndiwo umakhudza kwambiri ntchito ya mlangizi. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka a iwo mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 ogwidwa ndi nthendayi, okwana mpaka 99 amaitenga kwa galu, ndipo pafupifupi 40 amakhala ana osafika zaka 15. Kuti nthendayi ileke kufala, pafunika kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera alandire katemera. M'chaka cha 2015 mabungwe a dziko lonse oona za umoyo wa anthu ndi wa ziweto anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu. M'chaka chomwecho bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20. Kafukufuku amene anachitika pa ntchito ya ku Blantyreyo anaonetsa kuti banja likakhala kutali ndi malo obayira silibweretsa galu wake kawirikawiri, ndipo mwa zifukwa zimene eni agalu ankapereka munali kulephera kumugwira galuyo ndi kuganiza kuti akadali wamng'ono.

Motero katemera angathe kufika pa nthawi yake, wosungidwa bwino m'bokosi lozizira, koma chiwerengero cha 70 chija n'kulephereka chifukwa cha chingwe, madzi ndi dzuwa. Zimene zalembedwa m'phunziro lino zikuyang'ana makamaka ulendo wa ku katemera, ngakhale kuti zambiri mwa izo zigwiranso ntchito pa ulendo wa ku msika, wa ku munda ndi wa ku chipatala cha ziweto.

Thupi la galu ndi kutentha

Mdani wamkulu wa galu pa ulendo ndi kutentha, ndipo mlangizi amene wamvetsa chifukwa chake sadzavutika kufotokoza malangizo ena onse. Munthu akamva kutentha amatuluka thukuta thupi lonse, ndipo thukutalo likamauma thupi limazizira. Galu alibe mwayi umenewu. Thukuta limene lingamuthandize limatuluka kunsi kwa mapazi kokha, ndipo ndi lochepa kwambiri. Njira yake yaikulu yoziziritsira thupi ndi kupuma mwawefuwefu, kukamwa kuli yasa, lilime lili panja, kotero kuti chinyontho cha pa lilime, cha m'mphuno ndi cha kummero chimauma ndi mpweya wodutsapo. Chilichonse chotsekereza njira imeneyi chiika moyo wa galu pa ngozi: chingwe chothina pakhosi, nsalu yomanga kukamwa, thumba lotsekedwa, ngakhalenso ludzu, pakuti lilime louma siliziziritsa kanthu. Njirayi imafookanso pamene mpweya uli ndi chinyontho chambiri, monga m'mphepete mwa nyanja, kapena pamene mvula yangokata dzuwa n'kuwala mwaukali.

Kutentha kwa thupi la galu wathanzi kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39 pa muyeso wa Celsius. Kukapitirira madigiri 41 ziwalo zam'kati zimayamba kuonongeka, makamaka ubongo, impso, chiwindi ndi matumbo, ndipo magazi amalephera kuundana bwino. Mpata wa pakati pa moyo ndi imfa ndi wa madigiri owerengeka chabe. Tsono m'miyezi ya October ndi November, m'madera a m'chigwa monga Nsanje ndi Chikwawa, chigwa cha Luangwa ndi dera la Tete, mpweya weniweniwo umafika madigiri 40 ndi kupitirira. Galu amayenda mimba ili pafupi ndi nthaka, ndiye amalandiranso kutentha kochokera mu mchenga, kumene munthu woimirira sakumva mofanana.

Anthu ambiri amaganiza kuti galu amafa ndi kutentha pokhapokha atatsekeredwa m'galimoto. Kafukufuku wofalitsidwa ku Britain m'chaka cha 2020, wochokera m'mabuku a zipatala za ziweto, anapeza kuti mwa agalu odwala ndi kutentha, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anadwala chifukwa choyenda kapena kuthamanga, pamene otsekeredwa m'galimoto anali pafupifupi 5 okha mwa 100. Ngati zili choncho m'dziko lozizira, mlangizi wa ku Ngabu angathe kudzionera yekha tanthauzo lake kwa galu wothamanga pambuyo pa njinga masana.

Galu wa makolo, wa ubweya waufupi ndi thupi lowonda, amapirira kutentha kuposa agalu obwera. Pa yekha amadziwa kugona pansi pa nkhokwe dzuwa likakwera. Vuto limabwera pamene wamangidwa chingwe, pakuti ufulu wosankha mthunzi wachoka kwa iye ndipo wapita kwa munthu wogwira chingwecho. Agalu a mphuno yaifupi monga Bulldog ndi Pug, a ubweya wambiri monga German Shepherd, ndi olemera thupi monga Boerboel amagonja msanga kwambiri, ndipo alangizi a m'matauni ndi a m'maesiteti ayenera kuwaika m'gulu lapadera.

Woyenera kuyenda ndi wosayenera

Si galu aliyense amene ayenera kunyamuka. Wodwala, wotsimphina, wokalamba kwambiri ndi wamkazi amene watsala pang'ono kuswa asayendetsedwe mtunda wautali. Wamkazi amene ali pa nyengo yofuna mphongo amautsa ndewu njira yonse. Agalu oterewa alembedwe maina a eni ake kudzera kwa nyakwawa, kuti obaya adzawafikire pakhomo. Bere palokha si chifukwa chomanira galu katemera, chimene chikupewedwa ndi mtunda.

Ana a galu asasiyidwe. Malangizo a World Health Organization ndi akuti pa katemera wa chiwewe wa m'dera lonse, ana a galu nawonso abayidwe ngakhale asanakwanitse miyezi itatu, pakuti ndiwo amaseweretsedwa ndi ana a anthu tsiku ndi tsiku. Anyamulidwe mu dengu kapena m'katoni yoboola m'mbali, pansi pake poyala thumba, ndipo mayi wawo ayende pambali.

Galu amene wasintha khalidwe m'masiku apitawo, amene akuluma zinthu wamba, amene mawu ake pouwa asintha, kapena amene analumidwa ndi nkhandwe kapena galu wosadziwika, asapite naye pa gulu. Atsekeredwe pamalo potetezeka, ana asamuyandikire, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe tsiku lomwelo.

Chingwe

Galu wa kumudzi amabadwa, kukula mpaka kukalamba wosamva chingwe pakhosi. Akachimva koyamba m'mawa wa tsiku la katemera amadzigwetsa pansi, amalira, amatafuna chingwe, mwinanso kuluma dzanja limene limamudyetsa. Mwini wake amayesa kumuguza mamita ochepa, kenaka amataya mtima n'kumumasula. Agalu ochuluka amene safika ku katemera amathera pomwepa, pabwalo la nyumba yawo.

Mankhwala ake ndi nthawi. Tsiku la katemera lilengezedwe kukadali milungu iwiri kapena kuposerapo, kudzera kwa mafumu, m'sukulu, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo uthengawo usangonena za tsiku ndi malo, unenenso kuti agalu ayambe kuzolowezedwa chingwe. Masiku oyamba galu avekedwe lamba wam'khosi pa nthawi ya chakudya yokha, kuti lambayo azimukumbutsa zabwino. Akaleka kumukanda, amangirirepo chingwe ndi kumulola achikoke yekha pabwalo, munthu akuyang'anira kuti chisakole pa chitsa. Pambuyo pake mwini wake agwire chingwecho ndi kuyenda naye kuzungulira nyumba, akumuitana ndi dzina ndi kumupatsa kachidutswa ka mkute kapena usipa akatsatira. Galu akakana, munthu aime, chingwe chilendewere, ndipo amuitanenso. Kukoka ndi kumenya kumabwezera phunziro m'mbuyo. Mphindi 10 m'mawa ndi 10 madzulo n'zokwanira, ndipo tsiku lililonse mtunda uzionjezeka mpaka kukafika ku chitsime kapena kwa nyakwawa.

Lamba wabwino safuna ndalama. Lamba wakale wam'chiuno kapena nsalu yolimba yopinda kangapo zimakwanira, malinga n'zotambalala ndipo zala ziwiri zingalowe pakati pa lambayo ndi khosi. Waya asagwiritsidwe ntchito, pakuti amacheka khungu ndipo bala lake limagwa mphutsi. Mphira ya chubu cha njinga nayo imaoneka yofewa koma imathina galu akamakoka. Choopsa koposa ndi mfundo yotsetsereka ngati ya khwekhwe, imene imapana mmero pa nthawi yomwe galu akufuna mpweya wochuluka. Kwa galu wamantha, wodziwa kuvula lamba pobwerera cham'mbuyo, ndi bwino kuzunguliza nsalu pachifuwa, kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, n'kuilumikiza ndi lamba wam'khosi pamwamba pa mapewa. Chingwe chikhale cha mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri.

Kawirikawiri amene amabwera ndi agalu ndi anyamata aang'ono, ndipo kunena zoona galu amamvera iwo kuposa bambo wa pakhomo. Palibe chifukwa chowaletsera. Koma mwana mmodzi asapatsidwe agalu atatu, asazengereze chingwe pa dzanja lake, ndipo galu wamkulu kapena waukali aperekezedwe ndi munthu wamkulu.

Chakudya ndi madzi

Galu adye bwino madzulo a tsiku lotsatizana ndi ulendo, ndipo m'mawa apatsidwe kochepa chabe, maola awiri kapena atatu asananyamuke. Wokhuta amayenda molemedwa ndipo amasanza pa galimoto, makamaka akakhala wamng'ono. Madzi okha asamanidwe. Pa tsiku wamba galu amafuna mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kotero kuti wa makilogalamu 15 amamwa pafupifupi lita imodzi, ndipo pa ulendo wa dzuwa muyesowu ungathe kuwirikiza. Chigubu cha malita awiri ndi mbale yakale ndiye katundu wofunika kuposa wina aliyense. Amwe pang'onopang'ono pa malo alionse opumira, osati kudikira kuti akamwe zonse pofika.

Madzi a m'zithaphwi za m'mbali mwa njira asadaliridwe. M'madera olima thonje, fodya ndi ndiwo zamasamba, zithaphwi zotere ndi mmene anthu ena amatsukira mapampu opoperera mankhwala.

Pa msewu

Ulendo wapansi uyambe mbandakucha, kuti pofika 9 koloko ukhale utatha, ndipo wobwerera udikire dzuwa litapendeka ngati kwawo kuli kutali. Pa theka la ola lililonse papezeke mthunzi wopumira. Njira ya m'munda kapena ya pansi pa mitengo ndi yabwino kuposa msewu wa phula, ngakhale italikirepo pang'ono. Muyeso wa nthaka ndi wapafupi: munthu aike kuseri kwa dzanja lake pa phula kapena pa mchenga, ndipo akalephera kupirira mpaka kuwerenga kasanu, ndiye kuti mapazi a galu apsa. Pa msewu wa magalimoto galu ayende mbali ya kutchire, munthu ali pakati pa iye ndi msewu.

Chizolowezi chomangirira galu ku njinga chiyenera kutsutsidwa kolimba. Wopalasa amamva kamphepo kumaso ndipo sadziwa kuti chiweto chili pambuyo chikutha mpweya. Galu sangaime pamene watopa, ndipo akadumphira kumbali onse awiri amagwa. Galu wamng'ono akwezedwe mu dengu lomangidwa bwino pa keliyala, lovundikira ndi ukonde kapena timitengo kuti mpweya uzipita. Wamkulu ayende pansi, mwini wake akukankha njinga. Chimodzimodzinso ngolo: galu akwere m'kati pa udzu kapena pa thumba, womangidwa chingwe chachifupi, osati kumangidwa kumbuyo kumene akapunthwa amaguzidwa woyendetsa asakuona.

Pa galimoto ya matola pali zoopsa ziwiri. Choyamba ndi chitsulo cha pansi, chimene chimatentha ngati chiwaya, ndiye payalidwe matumba. Chachiwiri ndi chingwe chachitali, chimene chimalola galu kudumphira kunja n'kutsala lende pakhosi. Chingwe chikhale chachifupi kotero kuti sangafike m'mphepete, ndipo bokosi la matabwa otalikirana kapena la waya, lokwanira kuti aimirire ndi kutembenuka, ndilo labwino koposa. Galu asaikidwe m'thumba lomanga kukamwa kapena m'buti yotseka. Asasiyidwenso m'galimoto yoimitsidwa, ngakhale kwa nthawi yongolowa m'sitolo. Kafukufuku wa ku California wofalitsidwa mu 2005 anapeza kuti m'galimoto yoima padzuwa kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 22 pa ola limodzi, gawo lalikulu m'theka loyamba la olalo, ndipo kutsitsa magalasi pang'ono sikunathandize kwenikweni.

Zina zokumana nazo m'njira

Galu wa chingwe ndi wotetezeka ku zambiri. Sangatole nyama yothira tameki kapena mankhwala ena ophera makoswe, sangalowetse mphuno m'dzenje mmene mwagona mphiri, ndipo sangakodwe m'misampha ya waya. Pa madooko a Shire, Luangwa ndi Zambezi ng'ona zimagwira agalu kawirikawiri, motero galu amwere m'mbale kutali ndi gombe.

M'madera oyandikana ndi nkhalango za nyama, monga Nkhotakota, Vwaza ndi chigwa cha Luangwa, muli ntchentche za kashembe. Tizilombo timene zimafalitsa timadwalitsa galu koopsa, ndipo nthawi zambiri amafa akapanda kulandira mankhwala. M'nkhalango zotetezedwa galu saloledwa n'komwe, ndipo lamuloli lili ndi chifukwa chake. M'chaka cha 1994 nthenda ya agalu yotchedwa distemper inapha mikango pafupifupi 1,000 m'dera la Serengeti ku Tanzania, limodzi mwa magawo atatu a mikango ya kumeneko. Chiwewe nacho chaphapo magulu athunthu a mimbulu.

Ntchito ya mlangizi pa malo obayira

Malo asankhidwe poganizira miyendo ya galu, osati ubwino wa msewu wa galimoto ya obaya. Malo awiri kapena atatu aang'onoang'ono amakolola agalu ochuluka kuposa malo amodzi aakulu a pakati. Pakhale mitengo ya mthunzi ndi madzi pafupi, monga pa sukulu kapena pa bwalo la mfumu pamene pali mjigo. Ntchito iyambe m'mawa kwambiri. Palibe chogwetsa mphwayi ngati obaya ofika 11 koloko, anthu ndi agalu atakhala padzuwa kuyambira 6 koloko, ndipo mudzi umene zachitika zotere umavuta kuusonkhanitsanso chaka chotsatira.

Mzere ukhale wotayana, mamita awiri kapena atatu pakati pa galu ndi mnzake, polowera ndi potulukira posiyana. Ana a galu akhalebe mu dengu, asatsitsidwe pansi pamene padutsa agalu ambiri, pakuti nthenda ya parvo, yotsegula m'mimba mwa magazi, imafala kudzera m'ndowe ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Galu wolusa abayidwe msanga kapena adikire payekha. Ngati n'kofunika kumumanga kukamwa ndi nsalu, zichitike pa mphindi yobayira yokha ndipo amasulidwe pomwepo. Galu woyenda njira yonse ali womangidwa kukamwa ali ngati munthu wothamanga atatsekedwa mphuno.

Galu akagwa ndi kutentha

Zizindikiro zimabwera motsatizana. Poyamba galu amapuma mwawefuwefu mosalekeza ngakhale ali pa mthunzi, lilime limatambalala ndi kufiira, ndipo amafuna kugona pansi paliponse. Kenaka dovu limachuluka ndi kunanda, nkhama zimafiira kwambiri, amasanza kapena kutsegula m'mimba, ndipo amadzandira. Potsiriza amagwa, amaphupha ndi kukomoka.

Apa pali ngozi ina imene mlangizi ayenera kuiyembekezera. Galu wotuluka dovu ndi wodzandira, pakati pa khamu limene labwera chifukwa cha chiwewe, amaoneka ngati wachiwewe, ndipo miyala siichedwa kutoledwa. Mlangizi atalikitse anthu ndi kufunsa mwini wake mafunso atatu: kodi galuyu anali bwino dzulo ndi m'mawa uno, kodi wayenda mtunda wotani ndiponso nthawi yanji, kodi analumidwapo ndi nyama ina m'miyezi yapitayi. Galu amene ananyamuka wathanzi, wayenda padzuwa, thupi lake likutentha ngati moto ndipo akupuma mothamanga, kawirikawiri ndi wa kutentha. Chiwewe chimayamba ndi kusintha kwa khalidwe kwa tsiku limodzi kapena angapo, ndipo nthawi zina chibwano chimalendewera osatsekeka. Komabe maso okha sangatsimikize. Chotero womuthandiza asalowetse dzanja m'kamwa mwa galuyo, apewe dovu lake, ndipo ngati mayankho a mwini wake akukayikitsa, galuyo atsekeredwe monga woganiziridwa chiwewe. Mwayi wake ndi wakuti madzi angathe kuthiridwa munthu ali chapatali.

Chithandizo ndi kuziziritsa msanga, ulendo wa kwa dokotala pambuyo. Galu aikidwe pa mthunzi, lamba amasulidwe, ndipo athiridwe madzi ozizira thupi lonse, makamaka pamimba, m'khwapa ndi m'mphechepeche, wina akumukupiza ndi katoni kapena lichero. Kale kunkaphunzitsidwa kuti madzi akhale ofunda pang'ono ndi kuti galu afunditsidwe nsalu yonyowa. Maphunziro a zaka zaposachedwa asonyeza kuti madzi ozizira ndiwo amapulumutsa, ndipo nsalu yofunditsa imasunga kutentha m'malo mokuchotsa. Galu wamphamvu amene sanakomoke angathe kumizidwa thupi mu beseni kapena mu mtsinje wosaya wopanda ng'ona, mutu uli pamwamba. Akatha kumwa yekha apatsidwe pang'ono, koma wokomoka asathiridwe madzi m'kamwa chifukwa amalowa m'mapapo. Kupuma kukayamba kudekha, kuthira kulekeke, ndipo apite naye kwa dokotala wa ziweto ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka, pakuti kuonongeka kwa impso kumadzaoneka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala a anthu monga Panado ndi Brufen asapatsidwe. Kutentha kotere si malungo, ndipo Brufen amaononga mimba ndi impso za galu.

Munthu akalumidwa

Pamene pasonkhana agalu, wina adzalumidwa ndithu, ndipo sopo ndi ndowa ya madzi zikhale pa mndandanda wa katundu wa obaya. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Mlangizi alembe dzina la mwini galu, mudzi wake ndi mbiri ya katemera wa galuyo, pakuti a chipatala adzazifuna. Galu woluma asaphedwe mwaphuma. Atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, ndipo akadwala kapena kufa m'masiku amenewa, a ziweto ndi a chipatala adziwitsidwe mwamsanga. Katemera wa munthu wolumidwayo sadikira kuti masiku 10 athe.

Malamulo ndi malire

Galu amene watenga kachilombo ka chiwewe angathe kukhala milungu kapena miyezi akuoneka wathanzi, ndipo umu ndi mmene nthendayi imadumphira kuchoka m'boma lina kupita m'boma lina. N'chifukwa chake m'maiko monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe a ziweto ali ndi mphamvu yolamula kuti agalu onse a m'dera limene mwabuka chiwewe amangidwe, ndipo pa nthawi yotere galu sayenera kupita ku msika kapena kukacheza kwa abale. Anthu a ku Mchinji, Dedza ndi Mwanza amaoloka malire m'mawa n'kubwerera madzulo, ku msika, ku maliro kapena ku munda, ndipo galu amangotsatira. Koma mwa lamulo galu wooloka malire amafuna chilolezo cha dziko limene akulowa, kalata ya dokotala wa ziweto ndi chiphaso cha katemera. Pa ulendo wa tsiku limodzi chapafupi ndi kumusiya pakhomo, pa mthunzi, ndi madzi okwanira. Eni agalu auzidwenso kuti katemera sagwira tsiku lomwelo, pamapita milungu itatu kapena inayi kuti chitetezo chikhwime mwa galu wobayidwa koyamba.

Pofika kunyumba

Galu apatsidwe madzi, apume, ndipo chakudya chibwere kupuma kwake kutadekha. Kusanade mwini wake ayang'ane kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala ngati muli minga kapena matuza, ndiponso m'makutu, m'khosi ndi m'khwapa mmene nkhupakupa zimakonda kubisala. Nkhupakupa igwidwe pafupi ndi khungu n'kuizula mosagwedeza, iponyedwe pa moto kapena mu palafini, osati kuiphwanya ndi zala. Mankhwala a dibi la ng'ombe asasambitsidwe galu popanda malangizo a dokotala, pakuti muyeso wa ng'ombe ungathe kumupha.

Matenda a m'njira samaonekera tsiku lomwelo. Galu amene m'milungu iwiri kapena itatu yotsatira waleka kudya, nkhama zake zayera kapena zachita chikasu, ndipo mkodzo wake wafiira, ayenera kuti watenga nthenda ya nkhupakupa, imene imapha msanga koma imachizika ikafulumiriridwa. Amene anadutsa m'dera la kashembe ndipo maso ake achita mtambo, nkhope itatupa, apite naye kwa dokotala ndi kutchula kumene anayenda. Kachotupa kakang'ono pamalo pobayidwa ndi kufooka kwa tsiku limodzi si zodetsa nkhawa, ndipo mlangizi azinene zimenezi pasadakhale, kuti mphekesera yakuti katemera amalemetsa agalu osaka isapeze poyambira. Chiphaso cha katemera chikulungidwe m'pepala la pulasitiki n'kusungidwa pamodzi ndi mabuku a ku chipatala a banjalo, pamene chiswe ndi mvula sizingafike.